Giza ya gasi: dzina la kampani kapena waranti?

Mayi ena a pa boma la Mchinji atilembera imelo. Akumaliza nyumba, atopa ndi kuzimazima kwa magetsi, ndiye akufuna giza ya gasi, chipangizo chotenthetsera madzi osamba. Ku Lilongwe apeza ya Bosch ndi ya Paloma, koma alamu awo akuti ku Chipata kuli ina yotsika mtengo, pa katoni palembedwa waranti ya zaka 2. Funso lawo ndi loti agule iti.

Mayi, dzina lidikire kaye, tiyambe ndi madzi anu. Giza yotere sisunga madzi. Mu giza zambiri, mukatsegula mpopi, mphamvu ya madzi imakankha kamphira ka m'kati, kamphirako n'kutsegula gasi, mabatire awiri a saizi D n'kuyatsa moto. Madzi amatenthera m'njira, podutsa m'mapaipi a kopa. Akafooka, moto suyaka, kaya gizayo ndi ya kampani yanji. Madzi otsika kuchokera pa mamita 10 amapereka mphamvu ya bar imodzi, choncho thanki yokwera mamita 3 pamwamba pa giza ikupatsani 0.3 yokha. Tsegulani kabuku ka gizayo muli m'sitolo momwemo, muone mphamvu yochepetsetsa imene imayakira. Ngati madzi a Central Region Water Board amafooka masana kwanuko, kapena mumadalira thanki, gulani yopangidwira madzi ofooka, apo ayi muike kapampu.

Nambala ya pa katoni, 6, 12, 16 kapena 20, ndi malita amene giza imatenthetsa pa mphindi, powonjezera madigiri 25 pa madzi olowa. Mu Juni ndi Julaye madzi amalowa ozizira, ndiye ya 6 imakusiyani mukunjenjemera. Pa shawa imodzi ndi sinki ya kukhitchini, ya 12 imakwana. Ikayaka mwamphamvu imadya gasi wotsala pang'ono kukwana makilogalamu 2 pa ola, kutanthauza kuti silinda ya makilogalamu 19 imatha mukasamba pafupifupi ka 60, mphindi khumi ulendo uliwonse. Okonda kuimba nyimbo m'bafa awerengere zimenezo.

Bosch, Paloma ndi Rinnai ndi mayina odalirika, ndipo pakati pawo sitikangana. Chosiyanitsa ndi masipeya. Muuzeni wogulitsa akuonetseni kamphira kaja ndi kabokosi koyatsira moto, muzigwire m'manja. Akanena kuti "tidzaitanitsa", dziwani kuti tsiku lina mudzatha mwezi mukufunditsa madzi pambaula.

Nkhani yaikulu ili pa waranti. Mawu a pa katoni si pangano. Pangano lili pa khadi la waranti, ndipo makhadi ambiri amanena kuti amagwira ntchito m'dziko lomwe katunduyo wagulidwa. Giza ya ku Chipata ikafa, muyenera kuichotsa pakhoma, kuwoloka nayo pa Mwami, n'kuyembekeza kuti mwini sitolo akukumbukirani. Ndalama mwapulumutsa zija zathera panjira. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limamva madandaulo a ogula, koma dzanja lake silifika ku sitolo ya ku Zambia. Ife tingasankhe ya chaka chimodzi ya ku Lilongwe, yokhala ndi wokonza wodziwika, kusiyana ndi ya zaka 2 ya kutsidya.

Waranti imalipira cholakwika cha kufakitale basi. Mabatire sawerengedwa, ndipo kawirikawiri kamphira nakonso ayi, poti kamatha ndi ntchito. Chimene chimapweteka ambiri ndi madzi a pamjigo kapena pachitsime. Akakhala amchere, amasiya zoyera ngati laimu m'mapaipi a kopa, njira n'kuchepa, giza n'kumatentha mopyola mpaka kuboola. Chipangizo cha kopacho ndiye chodula koposa, koma wogulitsa akapeza zoyerazo amakana. Yang'anani pansi pa ketulo yanu: ngati pamayera msanga, gizanso idzatero. Sefa ya pa paipi yolowera imagwira mchenga wokha, mchere umadutsa, ndiye pamafunika kutsukitsa mapaipi a kopawo chaka chilichonse ndi kusatenthetsa madzi mopitirira.

Kaikidwe nakonso kamapha waranti. Giza zambiri zimafuna regyuleta (kachipangizo ka pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi) yolembedwa 2.8 kPa, ndipo kabuku kamanena kukula kwake. Yaing'ono ya pa sitovu singakwanitse gasi wofunika, moto umafooka, umatuluka wachikasu, mwaye n'kudzaza. Funsani ngati kampani ikufuna kuti aike ndi munthu wawo, chifukwa pulambala wa m'dera akangoitsegula, ena amati pangano latha. Silinda ikhale panja, choimirira, ndipo polumikizira ponse payesedwe ndi thovu la sopo. M'bafa musaikemo giza zivute zitani. Gasi akapanda kupsa bwino amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umaphanso anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Ikhale pakhoma la panja, yotetezedwa ku mvula ndi mphepo, kapena ikhale ndi chumuni chotulukira kunja.

Polipira, onetsetsani kuti nambala ya gizayo yalembedwa pa khadi, khadilo ladindidwa, ndipo tsiku likufanana ndi la pa lisiti. Malisiti a pamakina amafufutika pakapita miyezi, ndiye jambulani pafoni tsiku lomwelo, pamodzi ndi kapepala ka amene waika.