Zigoba zanga zikungoduka chakunsi, vuto ndi chani?

FUNSO: Akonzi, ine ndimapakira ndekha zipolopolo za mfuti yanga ya .308 Winchester, ya bolt action, pulesi ndi ma die onse, zida zofinyira zigoba kuti zibwerere pa saizi yake, ndili nazo. Koma zigoba, timabotolo ta brasi tosunga wonga tija, sizikukhalitsa olo pang'ono, ndikangopakira kanayi kapena kasanu kumayamba kuoneka kamzere kowala kozungulira chakunsi, ndiye tsiku lina china chinadukiratu, tsinde linatuluka koma thupi lonse linatsalira mu chemba, malo omwe chipolopolo chimakhala mu mfuti. Anzanga akuti brasi yangayi ndi yotchipa, ndigule yodula. Zoona zimenezi? Wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa brasi yodulayo idzadukanso pamalo omwewo. Vuto lili pa die yanu, mukukankha phewa la chigoba, pomwe thupi limachepera kupita kukhosi, kupitirira muyezo.

Zimachitika chonchi. Chigoba chikalowa mu chemba chili chachifupi, pini ikachimenya chimasunthira kutsogolo mpaka phewa kugunda, wonga ukayaka makoma aja amakakamira chemba nganganga koma tsinde silinafike pa bolt, chitsulo chotsekera chemba kumbuyo, ndiye limakankhidwira kumbuyo, brasi n'kutanuka pamwamba pa tsindelo pomwe khoma lokhuthala limathera. Inu kunyumba mwabwezanso phewa, mwaombanso, yatanukanso pomwepo. Kachisanu pasatsale chani? Kamzere kowala kaja ndi pamene papyapyala.

Kapepala kobwera ndi die nthawi zambiri kamati muipotokole mpaka ikhudze shell holder, kachitsulo kogwira tsinde la chigoba pa pulesi, kenako muwonjezere pang'ono, ndipo sikuti akunama ayi, iwo cholinga chawo n'choti chipolopolo chilowe mu mfuti iliyonse ya saizi imeneyo. Koma inu muli ndi mfuti imodzi. Tengani chigoba chomwe mwaombera mu mfuti yanuyo, muyeze kuchokera kutsinde kufika paphewa ndi comparator, kachitsulo kokhala paphewa komwe kamamangidwa pa caliper, chida choyezera utali, kenako bwezani die m'mwamba, muziitsitsa pang'onopang'ono uku mukuyeza mpaka phewa libwerere ndi 0.002 inchi basi, omwe ndi pafupifupi 0.05 mm. Mfuti ya semi-auto, yodzilowetsera yokha chipolopolo china ikaomba, imafuna mpata wokulirapo, 0.003 kapena 0.004. Dzanja lisapupulume, ma die ambiri mazinga ake ndi 14 pa inchi, kutanthauza kuti kupotokola kamodzi kwathunthu ndi pafupifupi 0.071 inchi, ndiye kakota chabe mwadutsa kale kutali.

Zigoba zomwe muli nazozo musaombere musanaziyeze. Wongolani waya wa pepa kilipu, mupinde kansonga kake ngati ndowe, mulowetse kukamwa ndi kukanda khoma chakunsi mkati. Mukamva kakukodwa ngati kangalande, tayani, ndipo chiphwanyeni ndi pulayala kuti chisadzasokonekere ndi zabwino. Chigoba choduka chimatulutsa mpweya wamoto chakumaso kwanu, si zoseweretsa, magalasi muzivala.

Ena akuuzani kuti muzingosayiza khosi lokha, kutanthauza kulifinya libwerere pa saizi yake, thupi osalikhudza. Zimathandizadi, makamaka kwa eni Lee-Enfield ya .303 British yomwe chemba yake nthawi zambiri imakhala yotakasuka moti imadya brasi ngati chani, koma mukaomba kangapo bolt imayamba kulimba potseka ndipo mudzafunabe full length die, yosayiza thupi lonse. Ine ndimaona kuti kusayiza thupi lonse ulendo uliwonse koma mongokhudza phewa kuli bwino, zipolopolo zimatuluka zofanana ndipo simulimbana ndi bolt nyama itaima patsogolo panu.

Mukathana ndi zimenezo chotsatira kufa ndi khosi. Brasi ya zigoba ndi kopa 70 peresenti ndi zinki 30, ndipo ikamapindidwapindidwa imauma mpaka kung'aluka kukamwa. Mankhwala ake ndi annealing, kutenthetsa khosi ndi phewa kwa masekondi ochepa kuti zifewenso. Khosi ndi phewa zokha. Tsinde likapsa n'kufewa, chigoba chimenecho chatha ntchito ndipo n'choopsa, nchifukwa chake zoika zigoba mu uvuni kuti zifewe ndimakaniza.

Utalinso muziuyang'ana, brasi imayenderera kutsogolo. Cha .308 chisapitirire 2.015 inchi, chikafika pamenepo dulani chibwerere pa 2.005, apo ayi kamwa limapanikizika kukhosi kwa chemba ndi kufinya chipolopolo, presha n'kukwera. Mafuta osayizira pakani mopyapyala pathupi, paphewa ayi chifukwa amasiya timaenje, koma osaiwalanso kupaka, amene anakakamiritsapo chigoba mu die akudziwa momwe tsiku limathera.

Ndipo ngati primer, kakapu kapatsinde komwe pini imamenya kuti wonga uyake, yayamba kulowa mofewa popanda kukana kulikonse, kabowo kake kafutukuka, chigobacho chapuma basi ndipo palibe die yokonza zimenezo. Zikamachitika msanga, kawiri katatu kokha, ndiye kuti wonga mukuthira wambiri, bwererani ku buku lanu la miyezo mutsitse.