Madzi a pampopi musawathire m'thanki ya nsomba tsiku lomwe mwatunga

Achimwene a ku Moatize, ndaona funso lanu, loti munasintha madzi onse m'thanki yanu ya malita 60 Loweruka, kutacha n'kupeza nsomba zinayi zayandama, zotsalazo zikuphaphatiza kukamwa pamwamba pa madzi. Pepani kwambiri. Inenso zinandionekera nditangoyamba kumene, ndipo ndinkaganiza kuti wondigulitsa anandipatsa nsomba zodwala, pomwe wozipha ndinali ine ndemwe.

Madzi a pampopi amathiridwa kolorini kuti ife anthu tisadwale m'mimba. Kwa ife ndi chitetezo, koma nsomba imapuma m'madzi momwemo, ndiye kolorini amaiwotcha ziwalo zopumira. Kuphaphatiza kukamwa kuja ndi chizindikiro chake. Nyengo ya dzinja, kolera akamveka, mankhwalawa amatha kuchuluka mpaka kumanunkha mukangotsegula mpopi. Komanso ngati kunyumba mumathira Certeza m'chidebe cha madzi akumwa, madzi amenewo asayandikire nsomba, chifukwa Certeza nayenso ndi kolorini.

Chimene ine ndimachita n'chosavuta. Ndimatunga madzi m'ndowa yotsegula pakamwa, osati m'chigubu chotseka, n'kuwasiya masiku awiri pamthunzi. Kolorini amauluka yekha. Mukaikamo kapampu kamphepo, kothira mpweya m'madzi, tsiku limodzi lakwana. Ndowa imeneyi ikhale ya nsomba basi. Musabwereke ya amayi akunyumba yochapira, chifukwa sopo wotsalira pang'ono chabe atha kupha nsomba. Yanga ndinachita kuilemba ndi penti, komabe tsiku lina ndinaipeza anyikamo matewera.

Pali mtundu wina wotchedwa chloramine, womwe ndi kolorini wosakaniza ndi amoniya. Umenewu ndi wokakamira, sutha ndi kugoneka madzi masiku awiri. N'chifukwa chake ndimati amene angakwanitse agule kabotolo ka anti-cloro, mankhwala ochotsa kolorini, aone ngati palembedwanso kuti cloramina. Mankhwala ambiri otere amapangidwa ndi sodium thiosulfate, ndipo amagwira ntchito m'mphindi zochepa. Ena ndi amphamvu zedi, monga Seachem Prime, amene mamililita 5 amakwana malita 200, kutanthauza kuti pa ndowa ya malita 20 ndi timadontho chabe. Thirani mu ndowa, takasani, kenako muthire m'thanki.

Koma ndikuuzeni zoona achimwene, ine ndikukayika ngati kolorini yekha ndiye anakupherani nsomba. Mwanena nokha kuti munachotsa madzi onse, ndipo ndikhulupirira kuti munatsukanso miyala ndi siponji ya mu fyuluta (chosefera madzi) pampopi mpaka kuwala. Pamenepo ndi pamene ambiri timagwera. M'siponji yooneka yakuda ija mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zimatulutsa amoniya, tizilomboti timamusandutsa nitrite, kenako nitrate amene ululu wake ndi wochepa. Mukatitsuka ndi madzi a kolorini timafa, ndipo kuti tiswanenso mokwanira pamatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Nthawi yonseyo nsomba zimakhala zikusambira m'chimbudzi chawo. Siponji muzingoifinya pang'ono m'madzi akale omwe mwachotsa m'thanki, n'kuibwezera ikadali yakuda choncho.

Pa thanki yanuyo, kusintha malita 15 pa mlungu kwakwana. Osapitirira apo pokhapokha pakhale vuto.

China ndi kutentha, ndipo kwa inu a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete nkhaniyi si yamasewera. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala dzuwa limapitirira madigiri 40, madzi a m'thanki ya padenga amatuluka ngati ofunditsa posamba. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndiye nsomba yomwe yapsa kale zopumira imabanika kawiri. Ife kuno ku Ulongwe vuto lathu ndi losiyana: mu Juni ndi Julayi ndowa yogona panja imazizira mpaka dzanja kuchita dzanzi. Ikani ndowa m'chipinda momwe muli thanki usiku wonse, mawa muyese ndi dzanja kapena kachoyezera kutentha. Thirani pang'onopang'ono ndi kapu kapena kapaipi, osangokhuthula.

Wina wati mukatunge ku mtsinje wa Revúbuè kapena ku Zambezi poti kumeneko kulibe mankhwala. Kolorini kulibedi, koma mudzabwera ndi matope, misundu ndi matenda a nsomba za mumtsinje. Madzi a pamjigo ndi abwinoko, ngakhale amakhala ndi mpweya wochepa, choncho nawonso agone kaye. Ngati mumaweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi, madzi olimba a pamjigo amazikomera, chifukwa kwawo zinazolowera pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya cha m'ma 8.

Nsomba zotsalazo musazipatse chakudya masiku awiri, kapampu kamphepo kagwire ntchito usana ndi usiku, ndipo kwa mlungu umodzi muzisintha malita 10 tsiku lililonse ndi madzi ogoneka. Nsomba zatsopano musagule kaye mpaka mwezi uthe. Mutiuzenso mtundu wa nsomba zanuzo ndi kuchuluka kwake, chifukwa malita 60 sachedwa kudzaza.