Kodi malo omwe atsamunda analanda mungawasumire kukhoti?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati atsamunda anasamutsa makolo anu, manda a agogo anu anatsalira mkati mwa mpanda wa eni ena, ndipo mukufunsa ngati mtundu wanu ungasume. Ungasume ndithu. Koma khoti siliweruza utsamunda wonse. Limafuna cholakwa chodziwika, wolakwiridwa, woyankha mlandu ndi umboni.

Kusumira dziko lomwe linakulamulirani n'kovuta chifukwa malamulo amaika malire a zaka zosumira. Anthu a ku Kenya omwe anazunzidwa nthawi ya Mau Mau, gulu lomwe linkalimbana ndi atsamunda a Britain, anathandizidwa ndi mafayilo omwe boma la Britain linasunga mwachinsinsi ku Hanslope Park, omwe anaululika mu 2011. Mu 2013 bomalo linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni pa anthu 5,228, ndalama za maloya zili momwemo. Gulu lina litatsatira, khoti la ku London linakana mu 2018, ati nthawi inatha. Ndiponso amenewo ankadandaula za mabala a m'thupi mwawo, osati malo.

Ine ndingakulangizeni kuti muyang'anane ndi boma lanu la lero, chifukwa ndilo likupitiriza kukutsekerani kunja. Aogiek a m'nkhalango ya Mau anatero, ndipo mu 2017 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu la ku Arusha, ku Tanzania, linagamula kuti Kenya inawaphwanyira ufulu wa malo, chikhalidwe ndi chipembedzo. Aendorois a ku nyanja ya Bogoria, ku Kenya komweko, anapambananso ku komishoni ya Africa yoona za ufulu wa anthu ya ku Banjul, ku Gambia.

Boma lidzati, "Tonsefe ndife eni nthaka, inu mwasiyana pati?" Yankho lagona pa izi: mumadzizindikira nokha ngati mtundu wapadera, moyo ndi miyambo yanu zamangirira pa malowo, ndipo mwakhala mukukankhidwira kumbali. Apa ndiye pofunika thukuta. Ku Australia, mlandu wa Mabo wa 1992 unathetsa bodza loti dzikolo linalibe eni. Komabe mu 2002 anthu a Yorta Yorta anagonja, khoti litati unyolo wa miyambo yawo unaduka. Anaudula ndani? Atsamunda omwewo. Chigamulochi ine chimandiwawa, koma chitiphunzitse.

Choncho musadikire loya kuti muyambe. Khalani pansi ndi nkhalamba zomwe zilipo, muzijambule mawu zikutchula maina a mitsinje, mtengo womwe ankathirirapo nsembe, ndi yemwe anagona m'manda ati. Lembani tsiku ndi dzina la wolankhula, asainire kapena adinde chala. Ngati mumapempha chilolezo pachipata kuti mukalambule kumanda, sungani kapepala kalikonse, ngakhale kokukanizani. Kameneko kamasonyeza kuti simunawataye malowo.

Ndondomeko yake, mumayamba ndi makhoti a m'dziko mwanu mpaka apilo yomaliza, pokhapokha ngati akuzengereza mopanda chifukwa. Mukatero mungapite ku Banjul. Ku Arusha munthu amapita yekha ngati boma lake linasainira kulola zimenezo. Apo ayi, komishoni ndiyo imatengerako mlandu, monga zinachitikira ndi Aogiek. Chikalata cha United Nations cha 2007 chokhudza eni nthaka chitchuleni, koma pachokha sichikakamiza boma.

Ndisakubisireni, kupambana si kulandira malo. Khoti la ku Arusha linagamula mu 2022 kuti Aogiek alandire chipukutamisozi, koma mu 2023 ena anagwetseredwabe nyumba. Musanasume, mugwirizane za oimira mtundu wanu, mulembe ndi kusainirana, kuti mbali inayo isadzabwere ndi mfumu yawoyawo kudzakutsutsani.