Kodi kujambula kungawononge chimene ukujambulacho? Yankho kwa wofuna PhD ya maikulosikopu ya maelekitironi

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene anamaliza fizikisi ku Chanco, ndipo pano akuphunzitsa pa sekondale ina konkuno ku Zomba. Waona malo a PhD ku yunivesite ina yakunja, ndipo mutu wa kafukufuku ndi kuchepetsa kuwonongeka kwa zinthu zosalimba pozijambula ndi maikulosikopu ya maelekitironi. Wafunsa kuti: "Chimawonongeka n'chiyani, popeza n'kujambula chabe? Nanga ine amene sindinakhudzepo makina oterewa, ndingayerekeze kufunsira?"

Achemwali, zikomo polemba. Pa funso loyambalo ndi pamene pagona nkhani, choncho mundipirire ndikhalitsepo pang'ono.

Maikulosikopu imene amapimira magazi kuchipatala imagwiritsa ntchito kuwala. Mafunde a kuwala kumene maso athu amaona ndi otalika pakati pa mananomita 400 ndi 700 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), ndipo Ernst Abbe anasonyeza kale mu 1873 kuti makina a kuwala sangasiyanitse zinthu ziwiri zoyandikana kuposa mananomita pafupifupi 200. Kachirombo ka malungo kamaoneka bwino, koma mavairasi ambiri saoneka, maatomu ndiye osanena, chifukwa amatalikirana ndi nanomita 0.1 mpaka 0.3 basi. Elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri ka mu atomu konyamula magetsi, nayo imayenda ngati funde, ndipo mukaikankha ndi mavoti 300,000, funde lake limafupika kufika pafupifupi nanomita 0.002. Makina oyamba ojambula ndi maelekitironi anawamanga ndi Ernst Ruska ndi Max Knoll ku Berlin mu 1931.

Vuto ndi lakuti elekitironi yoteroyo imathamanga kupitirira magawo atatu mwa anayi a liwiro la kuwala, ndipo kuti chithunzi chituluke, iyenera kupyoza chinthu chimene mukuchijambulacho. Zili ngati kufunafuna singano m'denga la udzu mukuunikira ndi nsakali: mukaiyandikiza kuti muone bwino denga likupsa, mukaitalikiza simukuona kanthu.

Kuwonongekako kuli pawiri, ndipo amene sasiyanitsa mitundu iwiriyi amataya nthawi yambiri. Mtundu woyamba akatswiri amautcha knock-on. Elekitironi imagunda phata la atomu n'kuisuntha pamalo pake, mwinanso kuitulutsiratu. Njira yopewera ndi yodziwika: tsitsani mavoti. Graphene, kaboni wopyapyala kwambiri, wokhuthala atomu imodzi yokha, amabooka msanga pa mavoti 200,000, koma pa 80,000 kapena 60,000 amapirira. Mtundu wachiwiri, radiolysis, ndi umene umavuta pa mapuloteni, mapulasitiki, mchere ndi zina zosadutsa magetsi. Apa elekitironi yothamangayo imasiyira mphamvu maelekitironi amene amalumikiza maatomu a chinthucho, ndipo mfundo zimamasuka. Richard Henderson wa ku Cambridge anaziwerengera mu 1995: pa zinthu zamoyo, elekitironi imodzi ikamwazika m'njira yothandiza chithunzi, pafupifupi zitatu zimamwazika m'njira yowononga, iliyonse ikusiya mphamvu ya ma eV pafupifupi 20 (eV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu tating'ono ngati elekitironi). Inu a fizikisi mukudziwa kuti mfundo ya pakati pa maatomu awiri a kaboni imaduka ndi ma eV osakwana 4. Chowawa n'chakuti kutsitsa mavoti, kumene kumaletsa knock-on, kumakulitsa radiolysis pa elekitironi iliyonse, chifukwa yoyenda pang'onopang'ono imachedwa pafupi ndi maatomu. Ndiye ntchito yoyamba ya wophunzira aliyense ndi kudziwa kuti chinthu chake chikufa ndi uti mwa iwiriyi. Palinso kutentha, kudzikundikira kwa magetsi pa chinthucho, ndi litsiro la kaboni limene limamatirira pamene mtsinje wa maelekitironi wakhalitsa, koma izi n'zazing'ono poyerekeza.

Tsono kafukufuku yenseyu ndi wa kuwerenga maelekitironi. Amawerenga kuti agwa angati pa kabwalo ka angstrom imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, angstrom kukhala nanomita 0.1. Chitsulo chimalandira zikwi zambirimbiri osadandaula. Puloteni imalandira makumi ochepa chabe, ndipo mbali zake zosalimba kwambiri zimayamba kuchoka isanakwane n'komwe nambala imeneyo. Mungati, bwanji osangochepetsa maelekitironi? Chifukwa maelekitironi amafika mwachisawawa, ndipo akachepa chithunzi chimangokhala mchenga wokhawokha. Masamu ake ndi aukali: kuti chithunzi chiyere kawiri, pafunika maelekitironi ochuluka kanayi. Motero PhD imene mwaionayo ikufunsa funso limodzi, ngakhale italivalitsa mawu ena: elekitironi iliyonse imene ndalola kuti ipyoze chinthu changa, ndiifinye bwanji kuti indiuze zambiri?

Mayankho amene apezeka kale ndi osangalatsa. Limodzi mwa mayankhowo ndi kuzizira. Jacques Dubochet ndi anzake ku Heidelberg, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anapeza njira yomiza kadontho kopyapyala m'madzi a ethane ozizira kwambiri, kuti madzi aume msangamsanga ngati galasi asanapange timiyala ta ayisi timene timang'amba maselo. Chinthucho amachisunga chozizira ndi nayitrojeni wamadzi, amene amakhala pa madigiri 196 pansi pa ziro. Ambiri amaganiza kuti kuzizirako kumaletsa mfundo kuduka. Ayi, zimadukabe, kungoti zidutswa zake zimasowa kothawira, ndiye maonekedwe a chinthucho amakhalitsa kangapo kuposa kale. Joachim Frank anabweretsa nzeru ina: m'malo mojambula puloteni imodzi ndi maelekitironi ambiri, jambulani zikwi zambiri za mapuloteni ofanana, iliyonse ndi maelekitironi ochepa, kenako kompyuta iphatikize. Dubochet, Frank ndi Henderson analandira Nobel ya kemisitiri mu 2017 chifukwa cha njira imeneyi, imene imatchedwa cryo-EM.

Cha m'ma 2012 kunafika makamera amene amamva elekitironi mwachindunji ndi kuwerenga imodziimodzi. Amajambula mofulumira ngati kanema, kotero chinthu chikagwedezeka pomenyedwa, kompyuta imabweza zithunzizo pamalo amodzi, ndipo zakumapeto zimene zawonongeka kwambiri imazipatsa mphamvu zochepa. Kusintha kunali kwakukulu. Mu 2014 kunatuluka chithunzi cha ribosome (kachiwalo ka m'selo kopanga mapuloteni) ya Plasmodium falciparum, kachirombo ka malungo kamene kamatisautsa kunoka, itagwidwa ndi mankhwala a emetine. Mu February 2020 gulu la Jason McLellan ku Texas linatulutsa maonekedwe a minga ya kavairasi ka Covid-19, patangopita masabata owerengeka chiyambireni kuiphunzira.

Koma malinga ndi mmene mwafotokozera, malo anuwo akuoneka kuti ali kumbali ya zipangizo, osati ya zamoyo, ndipo kumeneko ntchito ikadali yambiri. Puloteni ili ndi mwayi wakuti zilipo mamiliyoni zofanana. Koma mng'alu umodzi m'kati mwa batire ulibe mnzake woti muphatikize naye. Gulu la Yi Cui ku Stanford linabwereka kuzizira kwa a zamoyo mu 2017 n'kujambula timinga ta lithiyamu timene timamera m'mabatire ndi kuwapsetsa, zinthu zimene zinkasungunuka zikangounikidwa. Gulu la Yu Han ku KAUST, ku Saudi Arabia, linajambula ma MOF, timiyala tamabowo tosunga mpweya, ndi maelekitironi owerengeka chabe pa kabwalo kaja. Ma MOF omwewa ndi amene anapatsa Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi Nobel mu 2025. Timiyala totchedwa ma perovskite amene akuyesedwa pa mapanelo a sola nawonso ndi amanyazi kwambiri, amasintha maonekedwe musanamalize n'komwe kukonza chithunzi. Ngakhale dongo ndi miyala ya zeolite, zimene a Geological Survey konkuno ku Zomba angakuuzeni zambiri, zili m'gulu lomweli.

Njira imene ine ndikuiona kuti ili ndi tsogolo ndi ptychography. Kamtsinje kopyapyala ka maelekitironi kamayenda pa chinthucho sitepe ndi sitepe, ndipo pa sitepe iliyonse kamera imasunga mmene maelekitironi onse amwazikira, osatayako. Kompyuta imabwerera m'mbuyo ndi masamu kufunsa kuti ndi chinthu chotani chimene chingawamwaze motero. Ganizo lake ndi la Walter Hoppe la mu 1969, koma linadikira makamera ndi makompyuta amphamvu. Gulu la David Muller ku Cornell linafika nayo posiyanitsa zinthu zotalikirana angstrom 0.39 yokha mu 2018. Ena akuyesa kujambula madontho ochepa chabe n'kulola kompyuta kudzaza potsala. Pamenepa ine ndimakhala tcheru, ndipo mukamva kuti AI yayeretsa chithunzi, khalaninso tcheru. Ofufuza anasonyezapo kuti mukatenga zithunzi za mchenga wokhawokha, mopanda kanthu m'kati, n'kuuza kompyuta izifole motsatira chithunzi cha Albert Einstein, pamapeto pamatuluka nkhope ya Einstein. Henderson analemba chenjezo la zimenezi mu 2013. Wofufuza wabwino pa ntchitoyi ndi amene angatsimikize kuti atomu imene ikuoneka inalipodi, ndiponso kuti inali pomwepo maelekitironi asanafike.

Tsopano funso lachiwiri. Funsirani. Ophunzira ambiri amene amayamba PhD yotere amaphunzira kuyendetsa makinawo atafika kale, chifukwa ndi a mamiliyoni a madola, ndipo palibe amene amapatsa wa digiri yoyamba kuti aziseweretsa. Amafuna chipinda chosagwedezeka, magetsi osazimazima, nayitrojeni wamadzi nthawi zonse, ndi amisiri ake. N'chifukwa chake ntchitoyi mudzaichitira kunja. Sikuti ndi ku Ulaya kokha: ku South Africa, Nelson Mandela University ku Gqeberha inatsegula malo a maikulosikopu yamphamvu yotere mu 2011, ndipo University of Cape Town ili ndi malo otchedwa dzina la Aaron Klug, amene anakulira ku Durban n'kudzalandira Nobel mu 1982 pa ntchito ya maelekitironi yomweyi.

Chimene apulofesa adzayang'ane mwa inu ndi masamu a mafunde, makamaka Fourier transform (njira yophwanya chithunzi kukhala mafunde ake), ndi luso lolemba mapulogalamu a Python. Zonsezi mungazinole muli ku Matawale kapena ku Chinamwali, ndi laputopu yanu yomweyo. Mapulogalamu a abTEM, py4DSTEM ndi HyperSpy ndi aulere. Ndi abTEM mungamange kamwala ka m'kompyuta, kukaombera maelekitironi ongoyerekeza, n'kuona chithunzi chikuwonongeka pamene mukuchepetsa chiwerengero chawo. Zithunzi zenizeni za cryo-EM nazo zili poyera ku EMPIAR, nkhokwe ya zithunzi zotere ya pa intaneti, ngakhale zambiri ndi zazikulu moti bandulo yanu ingathe musanafike pakati, ndiye sankhani zazing'ono. Werenganinso zolemba za Ray Egerton wa ku University of Alberta, amene amafotokoza za knock-on ndi radiolysis momveka kuposa ambiri.

Mukamalemba kalata yofunsira, musalembe kuti mumakonda sayansi chiyambire ubwana, onse amalemba zomwezo. Ikanimo kachithunzi kamodzi kamene mwapanga nokha kosonyeza mmene chithunzi chimayerera maelekitironi akamachuluka, ndi ndime imodzi yonena chimene mwaonapo. Ndipo akakuitanani kukacheza nanu pa intaneti, nanunso afunseni: kafukufukuyu ndi wa chinthu chiti kwenikweni, makina ali m'dipatimenti yomweyo kapena ndi okapempha kwina, wophunzira amapatsidwa masiku angati pa mwezi oti akhalepo, komanso ndalama za sikolashipu zikulipira nthawi ya pa makinayo kapena ayi. Funso lomalizali musachite nalo manyazi, achemwali, chifukwa m'malo ambiri ola lililonse la pa makinawo limalipiridwa.