Makina Opopa Mafuta M'nkhalango ya Boma: Zimatheka Bwanji?

FUNSO: A Mkonzi, ndimathira mafuta m'galimoto pamalo ena ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Kasitomala wina wa ku America anandionetsa pafoni chithunzi cha makina opopa mafuta ali pakati pa mitengo, n'kunena kuti imeneyo ndi nkhalango ya boma ya Allegheny. Kwathu ku Dzalanyama wootcha makala amagwidwa, nanga awa amaloledwa bwanji?

YANKHO: Bambo, kasitomala wanuyo sanakunamizeni. Nkhalangoyi ili m'chigawo cha Pennsylvania, kufupi ndi tauni ya Titusville kumene Edwin Drake anakumba chitsime chake chotchuka cha mafuta mu 1859. Choncho mafuta ndiwo anayamba, ndipo nkhalango ya boma, yomwe kukula kwake ndi mahekitala oposa 200,000, inakhazikitsidwa pambuyo pake, mu 1923, odula matabwa atameta kale mapiri mpala.

Pagona nkhani ndi apa: malamulo a ku America amalola kuti pamwamba pa nthaka pakhale mwini wake, chuma cha pansi n'kukhalanso ndi mwini wina. Boma pogula malowa linkafuna kubwezeretsa mitengo ndi kuteteza mitsinje, motero linagula pamwamba pokha, ndipo mpaka lero pafupifupi magawo 93 pa 100 alionse a chuma cha pansi pa nkhalangoyi ali m'manja mwa anthu wamba ndi makampani. Mu 2009 a zankhalango anayesa kulamula kuti aliyense wofuna kukumba ayambe wadikira kafukufuku wa zachilengedwe, koma mu 2011 khoti la apilo linagamula mokomera okumbawo. Amangopereka chidziwitso masiku 60 asanayambe, n'kukambirana ndi a zankhalango za modutsa msewu.

Kamakina kamene munaonako, kongogwedeza mutu ngati nkhuku yojompha chimanga, sikaopsa kwenikweni pakokha. Chimene ife tikuona kuti chimapweteka nkhalango ndi misewu ndi mapaipi, pakuti chitsime chilichonse chimafuna njira yake, ndipo zitsimezo zilipo masauzande.

Kuno ku South Africa lamulo la 2002 linaika mafuta ndi miyala ya pansi m'manja mwa boma, ndipo kwathu ku Malawi n'chimodzimodzi. Mukadzamva kuti ayamba kukumba ku Karoo, dera louma la kuno ku South Africa, kapena pa Nyanja ya Malawi, ndiye kuti boma ndilo lasaina chilolezo.