Kodi boma la Indiana libweza fizi ya ana anga?

Mayi wina wa ku South Bend, mzinda wa m'chigawo cha Indiana ku America, komwe Amalawi ndi ambiri ndithu, wandilembera. Anamva kutchalitchi kuti akawalembetsa ana ake awiri pasukulu yapulayiveti, kapena akamawaphunzitsa yekha pakhomo, boma limpatsa $1,000 pa mwana aliyense. Akufuna kudziwa ngati zili zoona asanawachotse kusukulu ya boma.

Mayi, $1,000 imeneyo ilipodi, koma siigwera m'manja mwanu. Ku Indiana imatchedwa deduction: amaichotsa pa ndalama zomwe mwapeza pachaka asanawerengere msonkho. Msonkho wa Indiana uli cha pa 3 peresenti, ndiye pa $1,000 mupulumutsa cha m'ma $30. Kuphatikizapo msonkho wa kaunti (boma laling'ono la dera lanu), sizifika $50 pa mwana. Zimenezo zithera pa nsapato za sukulu zokha.

Chimene anthu akutchalitchi akuganiza ndi credit, yomwe imachotsedwa pa msonkho weniweniwo, dola kwa dola. Ku Oklahoma, chigawo china cha America, lamulo la 2023 limapereka pakati pa $5,000 ndi $7,500 pa mwana wa sukulu yapulayiveti, malinga ndi kapezedwe ka banja, ndi $1,000 kwa ophunzitsa ana pakhomo. Nkhani ikamayenda pakamwa, ya Oklahoma ndi ya Indiana zimasanduka imodzi, ndipo zimandipweteka kuona banja likusamutsa ana chifukwa cha mphekesera.

Boma lalikulu la America, la ku Washington, silichotsera kholo msonkho pa fizi ya pulayimale kapena sekondale. Mumvanso za $1,700 ya lamulo lomwe linasainidwa pa 4 Julaye 2025. Imeneyo iyamba mu 2027, ndipo ndi ya munthu wopereka mphatso ku bungwe logawa masikolashipu, osati wolipira fizi ya mwana wake.

Kwa inu ndalama yeniyeni ili ku Choice Scholarship, vocha (thandizo la boma lolipirira fizi) yomwe Indiana inayamba mu 2011. Imapita kusukulu yapulayiveti yomwe ili m'ndondomekoyi, ndipo ndi madola masauzande, osati makumi. Kafunseni ku ofesi ya sukuluyo musanalembetse, muwerengenso zotsala: yunifolomu, chakudya chamasana, mafuta a galimoto ngati sukuluyo ilibe basi. Vochayi siithandiza wophunzitsa pakhomo.

Pamenepo mpomwe ndikuchondererani muganize mofatsa. Ngati mumagwira mashifiti ausiku, n'kufika mbandakucha maso ali psuu, adzakhala pathebulo ndi mwana wa giredi 3 kuwerenga naye ndani? Mtengo waukulu wa sukulu yapakhomo ndi maola a ntchito amene mmodzi wa inu awasiye, ndipo kumudzi akudikirabe ya feteleza.

Mukasankha yapulayiveti kapena yapakhomo, musasiye deduction ija, ngakhale ndi yochepa. Sungani malisiti a fizi, mabuku ndi makope mu envulopu imodzi, mudzawapereke kwa wokulemberani fomu ya msonkho wa Indiana, ya IT-40.