Kodi ndingafupikitse chasisi ya Discovery yanga?

Funso: Ndili ndi Land Rover Discovery yoyamba ija, ya injini ya 300Tdi, yomwe bodi yake inadyeka ndi dzimbiri koma injini ndi maekiselo zikadali bwino. Ndikufuna kuchotsa bodiyo, kufupikitsa chasisi (chimango cha chitsulo chomwe chimanyamula galimoto yonse) kuti ilingane ndi ya Land Rover Defender 90, ndi kumangapo kagalimoto koyendera kumunda nthawi ya dzinja. Wowotcherera wa kwathu akuti angodula pakati, kulumikiza, n'kuphatikapo chitsulo chochindikala. Kodi ndimulole? *Wowerenga wa ku Rumphi*

Yankho: Bambo, ntchitoyi ndi yotheka, koma musamulole kuigwira mmene wanenera.

Yambani mwadzifunsa chomwe chikukuvutani. Kuchokera pa ekiselo ya kutsogolo kufika pa ya kumbuyo, Discovery yanu ndi mamilimita 2,540, pamene Defender 90 yakale ija ndi mamilimita 2,360, kutanthauza kuti ntchito yonseyi mukuigwirira masentimita 18 okha. Ngati dandaulo lanu ndi loti kumbuyo kumakhula pansi mukamatuluka mu khwawa, ingodulani mchira wa chasisi womwe uli kuseri kwa masipuling'i ndi kuikapo chitsulo chopingasa chatsopano. Ine ndingasankhe njira imeneyi, chifukwa msana wa galimoto umatsala wosakhudzidwa, ngakhale thanki ya mafuta idzafunika malo ena.

Mukatsimikiza zodula pakati, dziwani kuti ntchito yaikulu ili pa kuyeza, osati pa moto. Chotsani thanki ndi batire, kenako gogodani chasisi yonse ndi hamala, pakuti dzimbiri limadya chitsulochi kuyambira mkati, ndipo pomwe pakulira mogonthera sipoyenera kuwotchererapo kanthu. Ikhazikeni pa simenti yosalala, iwongoleni ndi levulo, ndipo muyeze mopingasa kuchokera pa ngodya ya kutsogolo kumanzere kufika ya kumbuyo kumanja, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyi ilembedwe pakhoma, ndipo wina ukhale wofanana ndi unzake musanadule ndiponso mutalumikiza. Ikasiyana ndi mamilimita ochepa chabe, galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu ndipo matayala adzatha mbali imodzi. Musanayatse giraindala, wotchererani zitsulo zogwirizira mopingasa kuti mbali ziwiri za chasisi zisatakasuke.

Malo odula akhale pomwe chitsulo chili chowongoka, kuseri kwa chitsulo chonyamula giyabokosi koma kutsogolo kwa pomwe pamagwira mikono ya ekiselo ya kumbuyo, kuti zonse za kumbuyo zisunthire limodzi. Musadule choimirira ngati mukudula nzimbe. Dulani mopendekera kapena mwa chilembo cha Z, kuti mzere wowotcherera utalike ndipo katundu asatsamire malo amodzi.

Pa nkhani ya chitsulo chochindikala m'pamene ndikusiyana kwambiri ndi mmisiri wanu. Chitsulo cha chasisi imeneyi ndi chopyapyala, cha mamilimita pafupifupi 2, ndipo chinapangidwa kuti chizipindika pang'ono galimoto ikamadutsa m'maenje. Mukamatapo chigamba cha mamilimita 8 kapena 10, malo amenewo amauma gwa, ndipo mng'alu umadzayambira m'mphepete mwa chigambacho. Chigamba cha mamilimita 3 ndi chokwanira, chodulidwa chosongoka kunsonga zonse ziwiri ngati nsomba, chokhala ndi mabowo angapo owotchererapo pakati, ndipo chopitirira molumikizamo ndithu mbali zonse. Wowotcherera azisinthasintha mbali, pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, kudikira kuti chitsulo chizizire, chifukwa moto wa malo amodzi umakoka chasisi n'kuikhotetsa. Ndikupemphani kuti mupeze mmisiri wodziwa kuwotcherera chitsulo chopyapyala, pakuti luso la mageti ndi mabagilabaa si lomweli.

Propshaft ya kumbuyo, chitsulo chozungulira chomwe chimapititsa mphamvu ya injini ku ekiselo, iyenera kufupikitsidwa ndi kubalansidwa ku malo okhala ndi makina ake, apo ayi idzanjenjemera mpaka kuwononga maberingi. Mapaipi a mabuleki aikidwe atsopano, osati opindapinda kuti akwane. Mukamaliza, pentani kunja ndi kupopera mankhwala oletsa dzimbiri mkati.

Nambala ya chasisi, yomwe inadindidwa kutsogolo mbali ya kumanja, isakhudzidwe ndi giraindala kapena moto. Musanadule chilichonse, pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafotokoze zomwe mukufuna kuchita, chifukwa galimoto yosiyana ndi zomwe zili m'mapepala ake ikhoza kukanidwa COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira itachita ngozi. Jambulani zithunzi pa gawo lililonse la ntchitoyi, makamaka molumikizamo musanaphimbe ndi chigamba, kuti mudzakhale ndi chosonyeza woyeza galimoto.